Lamulo Losamutsa Anang'omba

Kuseri kwa mapiri amene simungawapeze m'buku lililonse la sukulu kuli ufumu wotchedwa Tavomera. Dzinali silinachokere kutali. Mfumu ikayankhula, nduna zonse zimayankha mawu amodzi omwewo, ndipo nthawi zina zimayankhiratu mfumuyo ikungokonza pakhosi. Pa nthawi ya nkhani yathuyi, pampando panali Mfumu Ndilipano Wachinayi, munthu wosaipa mtima kwenikweni, kungoti ankakonda kuomberedwa m'manja monga momwe ena amakondera tiyi wa mkaka.

Chizindikiro cha ufumuwo chinali nang'omba, mbalame yaikulu yakuda ija ya khosi lofiira, yoyenda pansi monyang'wa ngati mwini munda. Nang'omba anali pambendera, pazipewa za apolisi ndi pachikuto cha kope la mwana aliyense wa sukulu. Chaka ndi chaka ku likulu la Mpandowanga kunkachitika Tsiku la Nang'omba, ndipo nduna zinkatamanda mbalameyo kuyambira m'mawa mpaka anthu atayamba kuona chizungulire ndi njala. Amene ankasowa pa tsikulo ndi nang'omba mwini wake. Panali patatha zaka zambiri munthu wa mu likulu asanamuone wamoyo, koma poti pambendera ankaoneka wonenepa, palibe ankada nkhawa.

Zinthu zinasokonekera pomwe kunabwera mlendo, Mfumukazi ya ku Tsidyalina, mayi wokonda mbalame amene ankayenda ndi magalasi oonera patali ali lende m'khosi. Atadya ndi kumwa, mayiyo anapempha kuti amuonetse nang'omba. Mfumu inamulozera mbendera. Iye anati imeneyo waiona kale pachipata, akufuna woyenda ndi miyendo. Mfumu inayang'ana nduna, nduna zinayang'ana nsapato zawo. Potsazika, mfumukaziyo inati idzabweranso pakatha dzinja kawiri, mwina pamenepo mbalameyo idzakhala itatsika pansalu.

Tsiku lomwelo mfumu inalamula kuti anang'omba afunidwe kulikonse kumene ali, ndipo akonzeredwe malo otetezedwa. Lamulolo linatsika kuchoka kwa nduna kupita kwa mlembi wamkulu, kwa wachiwiri wake, kwa wachitatu wake, ndipo aliyense akamva kuti ntchitoyo ndi yoyenda m'tchire ankayamba kumva msana. Linakaima pa Rozina Kamphinda, chifukwa pansi pa iye panalibenso wina woti n'kumukankhira.

Rozina anali wojambula mapu, ndipo ofesi yake inali kachipinda kakuseri kwa nyumba yosungiramo mipando yothyoka. Anali mayi wosayankhula zambiri, wokonda kuti mzere ukhale pamene uyenera kukhala. Ntchitoyo anaitenga ndi mtima wonse. Anayenda zaka ziwiri, kufunsa abusa a ng'ombe ndi ofula njuchi kumene amamva kulira kuja kwa m'bandakucha kokhala ngati ng'oma yakutali. Atawapeza anang'ombawo, anamangirira pamsana pa aliyense kachipangizo kopepuka, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Kachipangizoko kankatumiza uthenga ku makina oyenda mumlengalenga, ndipo pa kompyuta ya Rozina pankabwera kadontho kofiira kosonyeza pamene mbalame yafika.

Kenako anayamba kusanja mapu pamwamba pa mapu anzake: osonyeza mitengo ikuluikulu ya mphako momwe mbalamezo zimaikira mazira, osonyeza madambo a udzu waufupi momwe zimatola ziwala, abuluzi ndi njoka, osonyeza minda ya anthu, ndi osonyeza kumene moto wolusa umadutsa chaka chilichonse. Atawaphatikiza, nkhani inaoneka yokha. Mu ufumu wonse munatsala anang'omba khumi ndi anayi, mabanja atatu, ndipo onse ankakhala mu Nkhalango ya Tsalani. Mitengo ya mphako yoyenera inalipo isanu yokha. Rozina ankadziwanso kuti mbalameyi siberekana ngati nkhuku. Banja limalera mwana mmodzi pakatha zaka zingapo. Mitengoyo itagwa, pambendera pokha ndi pamene pakanatsala nang'omba.

Chimene chinamusangalatsa kwambiri n'chakuti panalibe munda wa munthu ngakhale umodzi wofunika kukhudzidwa. Nkhalangoyo inkangofunika kuisiya momwe inalili. Anapita ku Bwalo la Nduna atavala chitenje chake cha pa Sabata, akuganiza kuti ntchito yopepuka chotere boma silingailephere.

Koma m'bwalomo munali a Gwetsani, Nduna ya Mitengo, Matabwa ndi Makala, amenenso anali mlongo wawo wa akazi a mfumu. Malole a matabwa a bambowa anali atamaliza nkhalango zina zonse, ndipo ya Tsalani anali ataisunga monga momwe munthu amasungira chiwindi kuti adye pomaliza. A Gwetsani anaimirira n'kuyamba ndi kuyamikira mapuwo, makamaka utoto wake. Anati mwana wamkaziyu wagwira ntchito, koma mbalame ndi zimene zalakwitsa. Mbalame ya nyumba yachifumu, iwo anatero, singakhale kutchire kopanda msewu, kumene galimoto ya mlendo ingatitimire m'matope. Malo oyenera ndi Dambo la Tilimenji, m'mbali mwa msewu wa phula, pomwe ngakhale wodutsa pa basi angasuzumire pawindo n'kuona ulemerero wa mfumu.

Rozina anapempha mwaulemu kuti anenepo kanthu. Anafotokoza kuti ku Tilimenji kulibe mtengo waukulu ndi umodzi womwe, ndiponso kuti m'dambomo muli madimba a mabanja oposa mazana awiri. A Gwetsani anayankha kuti mitengo kulibedi, koma kuli mapolo a magetsi, amene ndi owongoka kuposa mkuyu uliwonse. Mfumu, imene inali itamva mawu akuti ulemerero ndipo inali ikuwatafunabe, inagwedeza mutu.

"Tavomera," nduna zonse zinatero.

M'mawa mwake mlengezi wa boma anaima pamwamba pa mgolo pakati pa Msika wa Manong'onong'o n'kuwerenga lamulo. Anang'omba onse okhala mu Nkhalango ya Tsalani anapatsidwa masiku khumi ndi anayi kuti asamukire ku Tilimenji, ndipo alimi onse a ku Tilimenji anapatsidwa masiku atatu kuti asamukire kulikonse. Wogulitsa tomato wina anafunsa ngati anang'ombawo atumiziridwa lole yonyamula katundu. Wosoka nsapato anati boma lachita bwino kuwerengera lamulolo mumsika, chifukwa mwina anang'ombawo ali ndi abale ogulitsa kaunjika amene akawauze. Anthu anaseka chapansipansi, monga momwe amasekera anthu a ku Tavomera, milomo ili yotseka.

Mmodzi mwa olandidwa madimba anali azakhali ake a Rozina, a Nasoko, amene ankalima mbatata ndi mpiru ku Tilimenji, n'kumagulitsanso nkhukundembo mumsikamo. Rozina atapita kukawapepesa, anawapeza akuzula mbatata zosakhwima, zazing'ono ngati zala. Sanamukalipire. Anangomufunsa ngati mapu amene anaphunzira ku sukulu zaka zonse zija ndi omwewa. Mawu amenewo anamupweteka Rozina kuposa khofi, chifukwa papepala lolanda madimbalo panalidi dzina lake, pansi pa chidindo cha Ofesi ya Mapu.

Masiku khumi ndi anayi anatha, timadontho tofiira tili phee ku Tsalani. A Gwetsani anabwera okha kukachipinda kaja, n'kukhala pampando wa miyendo itatu mosamala kwambiri. Anafunsa ngati timadonthoto sitingakokedwe pang'ono ndi chala kuti tifike kumsewu. Rozina anayankha kuti timasuntha mbalame zikasuntha. Anamukumbutsa kuti m'nyumba yachifumu mukufunika mkulu wa mapu onse, wokhala ndi ofesi ya mawindo awiri. Iye anathokoza, nati mawindo awiri ndi abwino, koma mbalame zili ku Tsalani.

A Gwetsani sanakwiye, poti khoswe wa pamkhate sachita phuma. Anatenga mapu osindikizidwa, napempha utoto wa m'zikhadabo kwa mlembi wawo, n'kudonthetsa timadontho khumi ndi tinayi pa Dambo la Tilimenji. Mapu amenewo ndi amene anakafika kwa mfumu, pamodzi ndi uthenga wakuti mbalame zamvera. Rozina anachotsedwa mu Ofesi ya Mapu n'kutumizidwa ku Nthambi Yoyala Mkeka Wofiira, kumene luso lake loyeza linkafunika poonetsetsa kuti mkeka wa mfumu ukutalika kuposa wa mlendo aliyense. Sabata yomweyo macheka a injini analowa mu Nkhalango ya Tsalani.

Kompyuta anamulanda, koma anaiwala kuti timadonthoto tinkaonekanso pa foni yake. Tsiku lililonse Rozina ankationa tikubwerera m'mbuyo, kuthawa phokoso, mpaka mabanja onse atatu anaunjikana pakona imodzi ya nkhalango. Ankayeza mkeka maso ali pafoni, mwakuti tsiku lina anaudula mokhota kwa nthawi yoyamba m'moyo wake.

Kutatsala masiku awiri kuti mfumukazi ija ifike kudzatsegulira malo atsopanowo, a Nasoko anamuitana Rozina kumsika. Anamuuza kuti kwabwera anthu a unduna ndipo atenga nkhukundembo zawo zonse khumi ndi zinayi, osayang'ana n'komwe ngati zili zonona. Wosoka nsapato uja anawonjezera kuti anthu omwewo amaliza polishi yense wakuda mumsika, moti apolisi aguba ndi nsapato zotuwa. Rozina anaseka mpaka misozi, ndipo atasiya kuseka anafunsa azakhali akewo kuti nkhukundembozo amaziitana bwanji nthawi ya chakudya. Iwo anati amangogogoda beseni la madeya katatu.

Rozina anawauza zimene zinali m'mutu mwake, koma anawachenjezanso kuti zikapanda kuyenda, onse awiri akagona kupolisi.

"Dimba anandilanda kale," anatero a Nasoko. "Chatsala n'chiyani, beseni?"

Tsiku lotsegulira linafika ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala, lija limasungunula phula. Dambo la Tilimenji linali litazunguliridwa ndi waya, ndipo pachipata panali chikwangwani chachikulu chonena kuti anang'omba akuthokoza Mfumu Ndilipano Wachinayi. Alimi olandidwa madimba anawaika kutsogolo kuti aziimba nyimbo zoyamikira. A Gwetsani anayankhula maola awiri. Anati m'mbiri yonse ya dziko lapansi palibe mfumu ina imene mbalame zinaimvera, ndipo ngakhale mitambo ikuganizira zotengerapo phunziro. Rozina anali chogwada kumapeto kwa mkeka, atagwira ngodya yake kuti isauluke ndi mphepo.

Kenako anthu a unduna anatsegula khola la udzu, ndipo mbalame khumi ndi zinayi zakuda bii zinatuluka zikunyezimira ngati nsapato za mkwati. Mfumu, imene inali isanaonepo nang'omba kupatula wa pansalu, inaimirira mokondwa. Nduna zinaomba m'manja. Mfumukazi ya ku Tsidyalina inakweza magalasi ake, inayang'ana nthawi yaitali, inawapukuta, n'kuyang'ananso.

Pamenepo m'gulu la oimba munamveka kugogoda kwa beseni, katatu. Tambala wa nkhukundembo anatambasula chipsepse chake, nalira kulira kwa kwawo kuja kumene mwana aliyense wa ku Tavomera amakudziwa, ndipo gulu lonse la mbalamezo linathamanga kulunjika kwa a Nasoko. Njira yachidule inadutsa pamkeka wofiira. Polishi anali atasungunuka ndi dzuwa, choncho mapazi akuda anadindika pamkeka wonse, ndipo mbalame imodzi, posochera, inadzipukuta pamkanjo woyera wa mfumu.

Ngakhale ng'oma zinaleka. Mfumukazi inatsitsa magalasi ake n'kunena mofatsa kuti kwawonso mbalame zotere ziliko, ndipo amazidya pa Khirisimasi.

Mfumu inayang'ana mkanjo wake, kenako mlamu wake, n'kufunsa kuti anang'omba enieni ali kuti. A Gwetsani anayamba kufufuza chinachake m'matumba. Nduna zina zinatsegula pakamwa kuti zivomere, koma panalibe choti zivomere. Rozina ankadziwa kuti mfumu yochititsidwa manyazi pagulu ndi yoopsa kuposa njati yovulala, ndipo akanena kuti mfumu inanamizidwa, mawa mbendera ikhala ndi nkhukundembo ndipo nkhani ithera pomwepo. Anasiya ngodya ya mkeka, nayenda chogwada pamwamba pake, chinthu chimene wantchito sankaloledwa, n'kukweza foni yake ndi manja awiri.

"Ali apa, mfumu yanga, onse khumi ndi anayi," anatero. "Sikuti anakana lamulo. Koma mbalame za nyumba yachifumu sizisamuka ndi mawu a mlamu. Zikudikira mwini ufumu abwere yekha."

Mfumu inayang'ana timadontho tija tikusuntha pang'onopang'ono pagalasi la foniyo. Inafunsa ngati n'zoona kuti mbalamezo zakhala zikuidikira masiku onsewa. Rozina anayankha kuti sizinachoke ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo pamenepo sananame. Nkhope ya mfumu inayamba kuwala. Inatembenukira kwa mlendo wake n'kunena kuti zimene waonazi zinali chiyeso chabe chofuna kuona ngati amadziwadi mbalame, ndipo wakhoza.

Mdipiti wa magalimoto unanyamuka nthawi yomweyo, Rozina atakhala kutsogolo kwa galimoto ya mfumu, akulozera njira. Msewu unalipo ndithu, wabwino, wolambulidwa ndi malole. Anakumana nawo asanu ndi awiri atasenza zipika, lililonse lili ndi dzina la a Gwetsani pachitseko, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa bambowa sankakonda kuti katundu wawo asokonekere ndi wa ena. Mfumu inawerenga dzinalo kasanu ndi kawiri. Rozina ankawerenga zitsa. Pa mitengo isanu ya mphako ija, itatu inali itagwa kale.

Pamene msewu unathera anatsika n'kuyenda wapansi, nduna zikupunthwa ndi nsapato zosongoka. Rozina anawapempha onse kuti akhale chete, ndipo aka kanali koyamba m'mbiri ya ufumuwo kuti Bwalo la Nduna likhale chete kwa mphindi khumi. Kenako, m'kadambo ka udzu waufupi, anang'omba anatulukira. Anali asanu, akuyenda mondondozana, osafulumira, mmodzi atanyamula buluzi kukamwa. Wamkulu anaima, napendeketsa mutu, n'kuyang'ana mfumu ndi diso la nsidze zazitali, monga momwe munthu amayang'anira mlendo wofika nthawi ya chakudya.

Mfumu inaima nthawi yaitali. Pomaliza inanong'ona kuti mbalameyo ikufanana ndi malemu bambo ake, makamaka poyang'ana. Mfumukazi ya ku Tsidyalina inali ikupukuta m'maso.

Malamulo atsopano anawerengedwa mumsika mawa lake. Nkhalango ya Tsalani inasinthidwa dzina kukhala Nkhalango ya Ndilipano, ndipo wodulamo ngakhale mswachi ankayenera kukaonekera kwa mfumu. Anang'omba analamulidwa kukhala kumene ankakhala kale, ndipo nyuzipepala ya boma inalemba kuti amvera nthawi yomweyo. Inalembanso kuti mfumu inawapeza yokha itawalota. Waya wa ku Tilimenji unachotsedwa, anthu anabwerera m'madimba mwawo, ngakhale kuti mbatata za chaka chimenecho zinali zitapita. A Nasoko anatenga nkhukundembo zawo, poti panalibe wa unduna amene analimba mtima kunena kuti ndi zake, ndipo anatha sabata akuzisambitsa ndi sopo.

A Gwetsani sanachotsedwe, chifukwa mfumu inkafunanso mtendere kunyumba. Anawasamutsira ku Unduna wa Maphunziro. Wogulitsa tomato uja atamva, anati aphunzitsi achite changu kukhomerera madesiki pansi, poti nawonso ndi a matabwa.

Rozina anabwezeredwa kukachipinda kake, pamodzi ndi kompyuta yake ndi kalata yochokera kunyumba yachifumu. Kalatayo inkati mfumu, chifukwa chokonda kwambiri mbalame zake, ikufuna mapu osonyeza mtengo uliwonse umene anang'omba amaikiramo mazira, kuti pansi pake pamangidwe khonde la simenti, mipando ya nduna ndi zokuzira mawu, n'cholinga choti Tsiku la Nang'omba lizichitikira pamaso pa eni ake.

Mvula yoyamba itagwa, Rozina anapita yekha kunkhalango kuja. Mitengo iwiri yotsala ija anaipeza ilipo. Woyamba unali mbawa ya pafupi ndi msewu wa malole, ndipo mphako yake inali itasiyidwa, muli akangaude okhaokha. Wachiwiri unali mkuyu wakale wa kuseri kwa kaphiri, kumene kunalibe njira. Anakhala patali pamwala, nadikira. Posakhalitsa kunabwera nang'omba wamwamuna, mlomo wake utadzaza masamba ouma, nauluka mwaulesi mpaka pamphako, ndipo mkati munatuluka mlomo wina n'kuwalandira.

Anayang'ana mpaka mbalameyo itapita ndi kubwera kanayi. Atabwerera ku ofesi, anajambula mapu okongola kwambiri amene anajambulapo, a utoto wowala monga momwe akuluakulu amakondera. Anaikapo mbawa ija, n'kuizunguliza ndi mzere wagolide, nalemba kuti pamenepa pali malo okwanira mipando mazana atatu. Kuseri kwa kaphiri kuja anapakako utoto wobiriwira wokhawokha, ndipo ndi zilembo zake zowongoka analembapo kuti: Kuno kuli njoka.